Dothi la pa Minepa

Ababa anadikira kuti mayi Esteri atsikire kaye kulichete asanatchule dzina la mkazi wawo woyamba. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri anangokhala duu, ngati munthu amene sanakwatirepo kwina. Koma titangometa maliro a mayi Esteri, amene anandilera ine kuyambira ndili ndi zaka zinayi, anandiitana pakhonde kwathu ku Milonde.

"Claudia, undiperekeze ku Minepa."

Ndinaseka, poganiza kuti ndi chisoni chikuwalankhulitsa. Minepa ndi chilumba cha pakati pa mtsinje wa Ruo, kumunsi kwa Muloza, pamene madzi amagawikana pawiri n'kukakumananso patsogolo. Tsidya lino ndi Malawi, tsidya ilo ndi Mozambique, ndipo chilumbacho palibe amene amati n'chake. M'Chilomwe cha makolo athu minepa ndi mizimu, ndiye palibe amene amalimako ngakhale dothi lake ndi lakuda bii. Kumeneko ndi kumene anagona mayi anga ondibereka, a Esperanca. Anamwalira mu 1986 tikuthawa nkhondo, ine ndili kumsana ndi zaka ziwiri. Nkhope yawo sindiidziwa, ndipo chithunzi palibe.

"Maso akutha awa," anatero ababa. Ng'ala inali itawaphimba maso onse awiri, moti ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima basi. "Ndikufuna ndikatape dothi la pamanda ake, ndibwere nalo kuno. Tsiku limene mudzandiike, mudzandiike nalo. Esteri wagona ndi anzake kumanda a kuno. Uja ali yekha pakati pa madzi."

Ndinawauza kuti uno ndi Disembala, mvula yayamba, tidikire chilimwe. Anayankha kuti namondwe uja wa mu Malichi anadya kale mbali ina ya chilumba, anamva kumsika, ndipo dzinja lino lidya chotsalacho. Kenako anawonjeza kuti ndikakana apita okha. Amene amawadziwa a Agostino, bambo angawa, akudziwa kuti sankangondiopseza. Akanatenga ndodo yawo n'kuyamba ulendo, ine n'kudzamva kwa anthu kuti bambo anga agwera m'ngalande.

Ine ndimagulitsa nyemba ndi zitenje ku Muloza, ndipo pakamwa panga sipabwerera munthu. Koma tsiku limenelo sindinakangane nawo. Ndinangofunsa kuti mandawo akawapeza bwanji, munthu wosaona, patatha zaka zonsezi.

Anawerenga ndi zala. Choyamba, kumutu kwa chilumba kuli mkuyu waukulu. Chachiwiri, ukachoka pa mkuyuwo n'kuyenda mapazi khumi moyang'ana phiri, pali nkhadze. Nthambi ya nkhadzeyo anathyola mayi anga pa mpanda wa kwathu ku Mozambique, kuti akaibzale kumene tikakhazikike. Iwo sanafike, ndiye ababa anaizika kumutu kwa manda awo. Chachitatu, pamandapo pali mbale yawo yachitsulo ya maluwa abuluu, imene ababa anaiboola ndi msomali monga timachitira ndi ziwiya za wakufa, kuti wamoyo asadyerenso.

"Pachilumba chonse nkhadze ndi imodzi yokha," anatero. "Tikaipeza, tafika."

Woyendetsa bwato ndinamupeza ine. Dzina lake Jailosi, bambo wa imvi za apo ndi apo, amene amawolotsa anthu a malonda ndi njinga zawo. Poyamba anakana. Atamva kuti ndi nkhani ya manda anakanda mutu, n'kunena kuti tibwere m'mamawa.

Tinafika padooko dzuwa litangotuluka. Kumwamba kunali koyera, madzi akuyenda mwaulemu, obiriwira pang'ono. Ndinanena kuti tachita mwayi. A Jailosi sanayang'ane n'komwe mtsinjewo. Ankayang'ana phiri la Mulanje, kumene kamtambo kakuda kanali katakhala pamwamba penipeni.

"Achemwali, mvula ya Ruo sigwa pano. Imagwa uko," anatero akuloza ndi chibwano. "Pano dzuwa likhoza kumakuotchani, madzi n'kukupezani muli gwa. Ndikaimba mluzu kamodzi, muyambe kubwerera. Ndikaimba kawiri, muthamange. Mwamva, madala?"

"Ndamva," anatero ababa, mwa mtundu uja wa kumva kumene ndimakudziwa bwino.

Tinawakhazika pakati pa bwato, thumba lawo la ufa wa nsembe lili pamiyendo. Ine ndinakhala kutsogolo, a Jailosi ataima kumbuyo ndi nsungwi yawo yaitali. Ababa anagwira m'mphepete mwa bwato n'kunena kuti ili ndi bwato la mabwana. Iwo anawoloka pa khungwa la mtengo losokedwa ndi luzi, anthu atatu atatu, ndipo amene sanapeze malo ankadikira pachilumba masiku ambiri, akumwa madzi omwewo amene ena ankadwaliramo. Mayi anga anatsegula m'mimba masiku awiri okha. Tsiku lachitatu ababa anawakumbira manda ndi khasu lobwereka, ndipo mawa lake anapeza malo pa khungwa, ine ndili m'manja. Nkhani imeneyi ndinali kuimva koyamba, pakati pa mtsinje, ndi mlendo akumvetsera.

Chilumba chinaonekera titakhota. Ndinayembekeza kuona mtengo waukulu kumutu kwake. Chimene ndinaona ndi gombe lalitali lofiira, lodulidwa ngati ndi mpeni, mizu ikulendewera m'madzi. Mkuyu kunalibe. Ndinacheukira a Jailosi, iwo anapukusa mutu pang'ono.

"Mkuyu ukuuona?" anafunsa ababa.

"Mitengo yachuluka, ababa. Komanso pano sitingakocheze, gombe latalika."

"Pitani nafe mbali ya ku Mozambique. Kuli malo amene madzi amalowa m'kati."

Tinatsetsereka m'mbali mwa chilumba. Malo oyamba amene madzi ankalowa m'kati anali odzaza ndi bango, zisa za atchete zikulendewera mazanamazana, phokoso lake ngati la msika wa Loweruka. Ndinali nditayamba kuwafotokozera ababa za kukongola kwake pamene a Jailosi anaimitsa bwato ndi nsungwi. Pamatope panali njira yosalala, yotakata ngati pamene akokera thumba la chimanga, yochokera m'bango kutsikira m'madzi. Matope ake anali akadali onyowa.

"Mwini wake ali pafupi," anatero a Jailosi motsitsa mawu. "Manja m'kati mwa bwato."

Ndinachotsa dzanja la ababa m'mphepete n'kuliika pathumba lawo. Tinabwerera chambuyo pang'onopang'ono. Ng'onayo sindinaione, ndipo kusaionako ndi kumene kunandiopsa kwambiri.

Malo achiwiri anali pakati pa miyala iwiri ikuluikulu, madzi ake odekha, pansi pali mchenga. Pamtengo wa pamwamba pa mwala panali chisa cha nantchengwa, chachikulu ngati denga la nkhokwe, mwini wake ataima pambali akutiyang'ana. Ng'azi inadumphira m'madzi ine n'kukuwa. Ababa anakweza mutu n'kununkhiza.

"Mango," anatero. "Pano ndi pamene makungwa ankakocheza. Tinkadya mango a m'thumba, mbewu n'kutaya pompa. Amera eti?"

Anali atameradi, mitengo isanu kapena isanu ndi umodzi, zipatso zikuwolera pansi popanda wotola. Tinawatsitsa ababa, ndipo anakakhala pamwala n'kuyamba kusamba kumaso. A Jailosi anamanga bwato ku muzu, anathyola bango, analilemba mizere iwiri ndi mpeni, n'kulizika pamene madzi ankalekezera. Kenako anandikodola kuti tipite pambali.

"Achemwali, manda amene madalawa akufuna ndi a pafupi ndi mkuyu?"

"Mapazi khumi, pali nkhadze."

Anatulutsa mpweya. "Epa. Nkhadze imeneyo aliyense amene anawolokera pano amaidziwa. Ife tinadutsa mu 89, inali itakula kale. Munthu akafa pano, abale ankathyola nthambi pomwepo n'kukazika pamanda a wawo. Mchemwali wanga wamng'ono tinamuchitira chimodzimodzi. Koma mkuyu uja unapita ndi namondwe, pamodzi ndi nkhadze yaikuluyo, ndi malo onse mpaka kufika pamene munaona gombe lofiira paja. Palibe chatsala."

"Bwanji simunanene kudooko?"

"Munangoti manda. Manda ndi ambiri pano."

Ndinayang'ana ababa. Anali atavala chipewa chawo, ndodo ili m'manja, okonzeka ngati munthu wopita kukapempha mbeta. Ndinadziwa kuti chinthu choyenera chinali kupita n'kuwauza. Sindinapite. Ndinadziuza kuti ndiwayendetse pang'ono, atope okha, tibwerere. Ndiko kunali kupusa kwanga, chifukwa bambo anga anathyola tiyi zaka makumi awiri ndi zisanu ndipo sindinawamvepo akunena kuti atopa.

Tinalowa m'tchire, iwo atagwira phewa langa. Kuchokera pa mitengo ya mango njira inkatsika m'kachigwa kouma ka mchenga, n'kukweranso. Ndinkawapatutsa pa chitedze, ndikuwauza zimene ndikuona. Mafuwa atatuatatu anali paliponse, akadali pamalo pake, udzu utamera pakati. Panali zitini za dzimbiri, khasu lopanda mpini, chinangwa chimene chinakula chokha mpaka kusanduka mitengo. Phazi langa linagunda kachitsulo kamene ndinakazindikira kuti ndi kotsala ka chipolopolo, ndipo ichi sindinawauze. Anthu anakhalapo pamalo amenewa, ankaphika, ankakangana za mchere, akudikira khungwa.

Mwadzidzidzi ndodo ya ababa inagunda chinthu chofewa. Anatambasula dzanja, n'kugwira timinwe tobiriwira ta nkhadze.

"Ndi pano," anatero. "Claudia, ndi pano!"

"Samalani utomoni, ababa, usakulowe m'maso."

"M'maso ati?"

Anasuntha phazi limodzi kuti agwade, ndipo phewa lawo linagunda nkhadze ina. Anaima. Anatambasula dzanja lamanzere n'kugwira yachitatu. Ine ndinali nditaona kale. Nkhadze zinali zitadzaza malo onse mpaka kukafika kugombe lofiira, zazitali kuposa nyumba, nthambi zitalukanalukana, pansi pali mdima wozizira. Ndinawerenga mpaka makumi anayi n'kusiya. Pansi pa uliwonse panali kanthu: mphika wosweka, kapu, mbale, botolo, nsapato ya mwana.

"Zilipo zingati?"

"Zambiri."

"Mkuyu uli kuti?"

"Sindikuuona, ababa."

Anagwada, anaika ndodo pansi, n'kuyamba kupapasa. Akapeza chiwiya ankachichotsa dothi, n'kuchizungulira ndi zala, n'kuchibwezera monga anachipezera. Kenako ankakwawira pa mtengo wina. Ndinkawatsatira ndili chiimire, thumba la ufa lili m'manja, ndikudzida ndekha. Utomoni woyera unkawadonthera pamalaya. Pa manda achisanu ndi chiwiri minga inawang'amba chala, anangopukutira pathalauza.

Mluzu woyamba unalira.

Dzuwa linali likuswabe mtengo. Koma nditasuzumira pakati pa nthambi ndinaona kuti phiri lonse lasowa, kwangotsala khoma lakuda kuyambira pansi mpaka kumwamba. Kamphepo kozizira kanadutsa. Mtsinje nawo unali utasintha kalankhulidwe, unkamveka ngati galimoto yaikulu imene ikubwera kutali.

"Ababa, mwamva mluzu. Tiyeni."

"Ndatsala pang'ono."

"Simunatsale pang'ono! Manda ndi oposa makumi anayi, mwagwira asanu ndi anayi okha."

"Ndiye undithandize m'malo mokuwa ngati uli pamsika. Uli ndi maso iwe. Maluwa abuluu."

Ndinathamanga uku ndi uko, ndikutembenuza mbale ndi kamtengo, ndikudziwa bwinobwino kuti chimene ndikufuna chili pansi pa Ruo kapena chinafika kale ku Shire. Mbale zonse zinali zofanana, dzimbiri lokhalokha. Ndinabwerera, ndinawagwira mkono kuti ndiwadzutse. Anandikankha ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo.

"Usandigwire. Ndinamusiya kamodzi ndikuthawa. Sindimusiyanso ndikuthawa. Iwe pita, uli ndi ana."

Anakhala pansi, miyendo atatambasula, msana atatsamira pa nkhadze. Kukhala kumeneko ndimakudziwa. Anakhala choncho pamene achipatala ankati agonekedwe, ndipo sanagonekedwe.

Mluzu unalira kawiri. Kenako ndinamva a Jailosi akukuwa dzina langa, osatinso achemwali.

Ndinayeza m'mutu. Kuwanyamula sindikanatha. Kukaitana a Jailosi kuti tiwakoke ndiye kuti bwato litsala lokha pa muzu umodzi. Kuwauza zoona, kuti mkazi wawo anapita ndi madzi miyezi isanu ndi inayi yapitayo, ndinkaopa kuti ndi pamene angagone pansi kudikira madzi omwewo. Ine pamsika ndanenapo kuti nyemba za chaka chatha ndi za chaka chino, sindikana. Koma bambo anga ndinali ndisanawanamizepo chinthu chachikulu.

Pafupi ndi phazi langa panali mbale yovundikira, theka lili m'dothi. Ndinaizula. Inali yadzimbiri mbali zonse, pakati pali bowo.

"Ababa! Iyi! Maluwa abuluu!"

Ndinawaikira m'manja. Anaigwira ngati dzira. Zala zawo zinayenda m'mphepete monse, zinatsikira pakati, zinapeza bowo, zinaima. Zinayendanso mozungulira, pang'onopang'ono, ngati zikufuna china. Ine ndinkangomva mtsinje.

"Maluwawo ukuwaona?"

"Ndikuwaona."

"Abuluu?"

"Abuluu, ababa. Afufuma, koma akuoneka."

Kenako anati ndiwafikitse pamene ndinaichotsa. Anagwada, anatapa ufa, anauthira mozungulira tsinde la nkhadze, n'kuyamba kulankhula m'Chilomwe. Chilomwe changa ndi cha pamsika, koma ndinamva kuti akupempha chilolezo, akunena dzina lawo ndi la mudzi wathu, ndipo akuti, "inu amene mwagona pano." Dzina la mayi anga sanalitchule. Ndinazindikira zimenezo koma ndinalibe nthawi yoziganizira. Anatapa dothi manja awiri n'kulimanga m'kansalu, anabwezera mbale pamalo pake chovundikira, n'kundiuza kuti ndithyole nthambi imodzi ya nkhadze.

"Nthambi ya chiyaninso?"

"Thyola."

Ndinathyola, utomoni n'kundiyabwa m'manja. Tinayamba kubwerera, ine ndikuwakoka, iwo akupunthwa m'mafuwa. Titafika pa kachigwa kouma kaja ndinaima. Sikanali koumanso. Madzi ofiira ankathamangamo, atanyamula thovu ndi zinyalala, ndipo tsidya lake a Jailosi anali ataima m'madzi ofika m'chiuno, dzanja limodzi litagwira chingwe cha bwato, chifukwa muzu uja unali utamira.

"Vamos! Wolokani pompano, akadali m'mawondo!"

Ndinakumbukira njira yosalala ija ya pamatope. Kachigwa aka kankachokera mbali yomweyo ya bango. Ndinawauza ababa kuti aike kansalu m'chipewa n'kuvala, andigwire m'chiuno ndi manja awiri, ndipo ndodo ataye. Madzi anali ozizira ngati a m'firiji. Sanali m'mawondo, anali m'ntchafu, ndipo mchenga unkathawa pansi pa mapazi. Pakati penipeni chinthu chinandigunda mwendo, cholemera, chokhakhala. Ndinakuwa mayi, sindikudziwa kuti ndinkaitana uti. Chinali chipika cha nthochi. Ababa anaterereka n'kugwada, madzi anawafika pachifuwa, ndipo ndinawadzutsa ndi kolala ya malaya mpaka mabatani anaduka.

A Jailosi anawanyamula ngati thumba n'kuwaponya m'bwato. Bango lawo la mizere linali litapita kalekale. Anandipatsa chigubu chodula kuti ndizikapa madzi, n'kunena kuti aliyense akhale pansi penipeni, wina asadzuke ngakhale aone chiyani.

Titangotuluka pakati pa miyala iwiri ija, mtsinje unatilanda. Nsungwi sinkafikanso pansi. A Jailosi anaiponya m'bwato n'kutenga nkhafi, atagwada, akupalasa mbali imodzi yokha. Sankalimbana ndi madzi, ankangopempha kuti pamene akutitengera kumunsi atisunthireko pang'ono ku Malawi. Mapesi a chimanga, nthambi, mbuzi yakufa, zonse zinkayenda nafe limodzi. Ndinkakapa osayang'ana kumbali. Mafunde ankalowa kutsogolo n'kundithira pamiyendo, ndikachotsa zigubu zitatu n'kulowa zinayi.

"Mtengo!" anakuwa a Jailosi.

Unkabwera chopingasa, wathunthu, mizu ili m'mwamba. Anapalasa chambuyo kawiri ndi mphamvu zonse. Thunthu linadutsa kutsogolo kwathu, koma nthambi yake inakola mphuno ya bwato n'kutizunguza. Bwato linapendekeka, madzi anakhuthukira m'kati, ndinaona chipewa cha ababa chikuyandama n'kupita. Ndinawayang'ana ndili ndi mantha. Kansalu kaja sikanali m'chipewa. Anali atakalowetsa m'malaya, manja onse awiri atakapanikiza pachifuwa, bwato osaligwira n'komwe. A Jailosi anamenya nthambiyo ndi nkhafi, kachitatu inathyoka, ndipo mtengo unapita wokha.

Tinakagunda gombe kutali kumunsi kwa dooko lathu, m'dimba la munthu wina, chimanga chili m'madzi. A Jailosi anagwira tsinde la nsenjere, ine ndinatsika n'kukoka ababa mpaka pamtunda. Pamenepo m'pamene mvula inayamba kugwa. A Jailosi anagona chagada m'matope akupuma, kenako anawauza ababa mawu angapo amene sindingawalembe pano, ndipo ababa anavomera onse.

Tinakabisala pansi pa kachisakasa ka mwini dimba. A Jailosi anapita kukamanga bwino bwato lawo. Ndinatsala ndi ababa, tonse tikunjenjemera, malaya awo ali pululu opanda mabatani. Ndinacheuka kuyang'ana kumtunda. Minepa inkaoneka patali m'mvula, ndipo ndikuyang'ana choncho chigamba china cha gombe lofiira chinagumuka n'kugwera m'madzi ndi nkhadze zake ziwiri.

Bodza lija silinkandipatsa mtendere. Ndinaganiza kuti ndidzawauza mawa, kapena chaka chamawa, kapena osawauza n'komwe. Koma ndinaganizanso za tsiku limene ndidzaike kansalu kameneko m'bokosi lawo ndikudziwa chimene ndikudziwa.

"Ababa," ndinatero. "Mbale ija..."

"Inali ndi bowo limodzi," anatero iwo. "Ya mayi ako ndinaboola katatu. Langa, lake, ndi lako."

Ndinawayang'ana kumaso.

"Maso ndi amene anafa, Claudia, makutu ayi. Zimene Jailosi ankakuuza pambali paja ndinazimva zonse. Ndinangoti mwina wasokoneza mtengo. Nditagwira nkhadze yachitatu ndinadziwa kuti sanasokoneze."

"Ndiye munkafuna tife tonse?"

"Ine ndinkafuna kutsala. Iwe ndinakuuza kuti upite." Anapukuta madzi kumaso. "Koma unakakamira. Ndiye nditamva mwana wanga akunama, mawu akunjenjemera ngati tsiku lija unaswa mtsuko wa Esteri, ndinati mayi ake a mwanayu akadzandifunsa ndidzayankha chiyani."

Ndinalira pamenepo, kulira koipa kwa munthu wamkulu, mamina ndi mvula pamodzi. Ndinali wokwiya nawo, ndinali ndi manyazi, komanso ndinali kulira maliro a mayi amene sindinawalirepo. Atandisiya kuti ndimalize, ndinawafunsa kuti nanga dothilo titani nalo, poti ndi la munthu amene sitikumudziwa.

Anatulutsa kansalu m'malaya. Kanali kanyowa, dothi litasanduka phala, koma mfundo inali yolimba.

"Ameneyu nayenso anali wa anthu. Zaka zonsezi palibe amene anamubwerera. Ndamupempha, ndipo tawoloka amoyo, ndiye kuti wavomera. Mudzandiika naye. Mayi ako sankadya yekha ngakhale pa nkhondo, sangadandaule."

Kenako anafunsa ngati nthambi ija ndikadali nayo. Inali m'chitenje changa m'chiuno, yophwanyika mbali imodzi, ikudonthabe utomoni. Ndinawapatsa. Anayendetsa zala pa timinwe take, mmodzimmodzi.

"Wamva mmene ananenera Jailosi. Onse aja anathyola pa nkhadze ya mayi ako." Anandibwezera nthambiyo n'kutseka dzanja langa ndi lawo. "Anainyamula kuchokera kwathu kuti akaibzale pamene tikakhazikike. Ukaizike kuseri kwa khitchini mawa, dothi likadali lonyowa. Yachedwa m'njira, koma ifike."